Kwa Bwana DC wa Mulanje: tikugawana madzi amene palibe akuwayeza

Bwana DC,

Ndiyambe ndi kupepesa chifukwa chokulemberani pagulu chonchi. Mwambo wake ndinayenera kukagwada kwa a mfumu, a mfumu akatule kwa a gulupu, nkhani ikwere mpaka ifike pa tebulo lanu. Njira imeneyo ndimailemekeza ndipo ndaiyendapo pa nkhani zina. Koma madzi si a mudzi umodzi. Amene adutsa kuseri kwa nyumba yanga m'mawa, pofika madzulo amakhala akudutsa pakhomo pa munthu amene sindidzamuona n'komwe. Ndiye ndati bola ndilankhulire poti naye amve.

Ine ndine mlimi wa kumunsi kwa phiri. Ndimalima nandolo, chinangwa ndi nanazi pang'ono, ndipo kwa zaka zingapo tsopano ndili m'komiti yoyang'anira mipopi ya madzi ochokera kuphiri m'dera lathu. Paipi ikaphulika usiku, foni yoyamba kulira imakhala yanga. Sukulu ya za madzi sindinapiteko. Zimene ndikudziwa ndinazitola kwa malemu bambo anga komanso m'matope a pa intake, pamene paipi yathu imatengera madzi mu mtsinje kuphiri.

Bambo anali owerenga madzi. Achinyamata a lero akamva mawu amenewa amaseka, amayesa ndikunena za ung'anga. Pa mtsinje wa kwathu, pafupi ndi mlatho, panali zitsulo zoyera zolembedwa manambala ngati rula wa kusukulu, zoimikidwa motsatizana kuyambira m'madzi kukwera kumtunda. M'mawa uliwonse ndi madzulo aliwonse, kaya m'mudzi muli maliro kaya ndi pa Khirisimasi, bambo ankatsikira kumeneko ndi kabuku ndi pensulo yomangirira ku kachingwe, n'kulemba pamene madzi alekeza. Akagona ndi malungo ankatuma ine, n'kundichenjeza kuti ndisakalembe zoganizira, ndikalembe zimene chitsulo chikuonetsa. Pakapita nthawi kunkabwera anthu pa galimoto kudzatenga mapepalawo. Nthawi zina ankapinda mathalauza n'kulowa m'madzi ndi kachitsulo ka timapiko tozungulira koyezera liwiro la madzi, ife ana tili m'mbali kukamwa yasa. Kenaka anthu aja anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kandalama ka bambo kanayamba kuchedwa, mapeto ake zii. Bambo anapitiriza kulemba m'makope a ana asukulu kwa zaka ndithu, popanda wowafunsa. Zitsulo zija china chinapita ndi madzi a mu 2015, zotsala anazula anthu ofuna zosulira. Makope ndatsala nawo atatu. Enawo chiswe chinadya.

Ndikatsegula makopewo ndimaona mtsinje umene lero kulibe. Mvula ikagwa kuphiri, manambala ankakwera pang'onopang'ono, tsiku loyamba, lachiwiri, n'kuima, kenaka n'kumatsika mwaulesi sabata yathunthu. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, madzi ankakhala akunyambitabe chitsulo cham'munsi. Mtsinje wa lero ndi wopupuluma. Mvula ikagwa masana, ana asanaweruke kusukulu wadzaza kale, wofiira ngati thobwa la mawere, ukugubuduza miyala yoti amuna anayi sanganyamule. M'mawa mwake mumawoloka osapinda thalauza. Pofika Seputembala wasanduka msewu wa mchenga, amayi akufukula timaenje pakati pake kuti apeze potunga ndi chikho.

Anthu ambiri akamadandaula amati mvula yachepa. Ine sindifulumira kuvomera. Zaka zina imachepadi, koma zaka zina imagwa yoposa imene makolo athu ankaidziwa, chaka chomwecho mipopi n'kuumabe m'chilimwe. Chasintha kwambiri ndi kagwedwe kake, ndi zimene zimachitikira dontho likafika pansi.

Mundilole ndifotokoze monga ndimafotokozera anzanga a m'komiti, ngakhale ndikudziwa kuti mu ofesi mwanu muli anthu ophunzira kuposa ine. Dera lonse limene madzi ake amatsetserekera mu mtsinje umodzi lili ngati banja lodya m'nkhokwe imodzi. Cholowa m'nkhokwemo ndi mvula, kuphatikizapo nkhungu ya chiperoni imene masamba amaikola. Potulukira ndiye pali pambiri. Madzi ena amathamanga pamwamba pa nthaka n'kukagwera mu mtsinje tsiku lomwelo. Ena amauluka ngati nthunzi kuchoka pa dothi lotentha, pa madamu, ndi m'masamba a mitengo ndi mbewu. Ena timatunga ife. Otsalawo ndi amene amalowa pansi, m'ming'alu ya miyala ndi m'madambo, n'kumatuluka pang'onopang'ono pa akasupe. Madzi amene mumawaona mu mtsinje wa Lichenya kapena wa Likhubula mu Okutobala si mvula ya Okutobala ayi. Ndi mvula ya Febuluwale imene nthaka inabisa.

Masamu ake ndi osavuta. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa hekitala imodzi ndi malita 10,000, kapena kuti ndowa 500 za malita 20. Kuno kumunsi kwa phiri, mbali ya minda ya tiyi, malo ena amalandira mamilimita oposa 2,000 pa chaka. Werengani nokha ndowa zake, Bwana. Dera lolandira madzi otere siliyenera kukhala ndi amayi odzuka 3 koloko usiku kukaima pa mzere wa pa mpopi. Zikamatero ndiye kuti nkhokwe yabooka.

Kutentha kwa dziko kukuibowola mbali ziwiri. A za sayansi amati mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kusenza chinyezi chochuluka ndi pafupifupi 7 peresenti, ndipo dziko la Malawi linatentha ndi madigiri 0.9 pakati pa 1960 ndi 2006. Mpweya waludzu wotere umayamwa madzi msanga m'munda, m'dambo, ngakhale m'thanki yosavindikira. N'chifukwa chake munda umene unkapirira masabata awiri opanda mvula lero chimanga chake chikupotana masamba pa masiku owerengeka. Koma mpweya womwewo ukati utule katundu wake, umatula yense nthawi imodzi. Dothi lili ndi mlingo wake womwera, ngati munthu: mukamukhuthulira ndowa yonse kukamwa, ambiri atayikira pachifuwa. Mvula ya mwezi wathunthu ikagwa usiku umodzi, yolowa pansi imakhala yochepa. Yambiri imathamangira ku Ruo itasenza nthaka yathu ndi feteleza wa ngongole yemwe.

Za Malichi 2023 sindikufuna kuzikumba kwambiri, mabala ake sanapole. Namondwe Freddy anazungulira pa nyanja ya mchere kupitirira mwezi asanatimalize, ndipo ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. Anthu oposa 600 anafa m'dziko muno, enanso oposa 500 anasowa osapezeka. Kwathu paipi yonse ya kumtunda inapita, thanki yotchezera mchenga inakwiririka mpaka tinaifuna ndi ndodo. Chimene ndikufuna muchione ndi chimene chinatsatira. Chaka chisanathe, mu Febuluwale 2024, mvula inadula chimanga chikumasula. Pa 23 Malichi chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño. Madzi onse aja a Freddy anatidutsa ngati alendo othamangira basi, osasiya ndi kamba yemwe. Ndi mmenenso zinayendera kale: Januwale 2015 madzi osefukira, 2016 njala ya chilala. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma iwo matopewo ankawalandira limodzi ndi chinyontho chofika mpaka m'masika. Ife tikulandira matope okha.

Ena amati napolo si wachilendo, ndipo akunena zoona. Wa ku Phalombe wa mu Malichi 1991 ambiri timamukumbukira, ndipo wa ku Zomba wa mu 1946 tinamumva kwa agogo. Koma kale mwana ankabadwa, kukula, kukwatira, asanaone zotere ndi maso ake. Ankangomva ngati nthano ya pamoto. Mdzukulu wanga sanamalize pulayimale koma wawerenga kale anamondwe anayi ndi mayina awo: Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, kenaka Freddy.

Tsono ndisakhale munthu woloza chala kumitambo kokha. Gawo lina la bowolo tinaboola tokha. Phiri lino, kuyambira pa Sapitwa pa mamita 3,002 kutsika, linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. Koma mkungudza, mtengo wa fuko lathu, kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti ikuluikulu yatsala 7 yokha. Macheka anachita mbali yake, makala mbali yake. Ine ndimaopa moto kuposa nkhwangwa. Udzu wa pamwamba pa phiri, pa Lichenya, pa Chambe, pa Thuchila, pamodzi ndi dothi lake lakuda lofewa ngati siponji, ndi zimene zimagwira madzi kuti asathawe. Udzuwo ukamapsa chaka ndi chaka ndi moto wa alenje, mvula yoyamba imagwera pa dothi lamaliseche n'kulikolopa. Nanga chiperoni? Mu Juni ndi Julayi nkhungu ikamakwera kuchokera ku Mozambique, masamba ndi ndere zolendewera m'nthambi zimaikola n'kumadonthetsa pansi. Mukalowa m'nkhalango yeniyeni tsiku la chiperoni mumanyowa ndi madontho a m'mitengo kuposa a kumwamba. Madontho amenewo ndi amene ankawonjezera akasupe pakati pa nyengo yopanda mvula. Pamene mitengo inatha, nkhungu imangodutsa osapereka moni.

Sindikutukwana wootcha makala. Ambiri ndi ana athu omwe, ndipo thumba limene limatsika pa njinga m'bandakucha limakaphikira anthu ovala mataye m'tauni. Boma lino linali ndi anthu oposa 680,000 pa kalembera wa 2018, malo ambiri abwino ali pansi pa tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo munthu wa kamunda ka theka la ekala akalima mpaka pamlomo pa mtsinje si mwano, ndi njala. Inenso dimba langa lili pafupi ndi madzi kuposa mmene alangizi amafunira, ndisaname.

Ndikuonetseni Okutobala wathu. Timanyamuka mdima usanathe, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, titasenza mafosholo, sipanala ndi mphira wa chubu cha njinga womangira podontha. Kukwera kwake ndi ola ndi theka. Pa intake pali kakhoma ka simenti kotchinga mtsinje, ndi paipi yokhala ndi sefa kukamwa. Kuseri kwa khomalo kunali dziwe loti mwana sangaime. Lero ndi mchenga wokhawokha umene dzinja lililonse limatisiyira. Timafukula mpaka kukamwa kwa paipi kuoneke, n'kuunjika miyala ndi matumba kuti kamadzi kotsalako kalunjike m'menemo. Ukaika khutu pa paipi umamva ikukoka mpweya, kho kho kho, ngati nkhalamba ya chifuwa. Paipi ikameza mpweya madzi sayenda, ndiye potsika timaima pa chitunda chilichonse kutsegula mavalavu kuti ipume. Choyezera chathu ndi ndowa ndi wotchi ya pa foni. Ndowa imene kale inkadzaza usanamalize kupereka moni, lero umafunsa za ana, za kumunda, za odwala, iyo ikadali theka.

Kumunsi ndiye kumakhala nkhondo ya chinunu. Timagawa masiku: mudzi uwu Lolemba, uwo Lachiwiri. Zigubu zachikasu zimagona pa mzere kuyambira madzulo, pena mwala kapena nkhata kuimira mwini wake. Atsikana amafika kusukulu belu litalira kalekale. Otopa amabwerera ku zitsime za m'mbali mwa dambo, chikhalirecho kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Wina wa kumtunda akatseka kamtsinje ndi matumba kuti athirire tomato ndi kabichi, a kumunsi amakwera usiku ndi makasu kukagumula. Mlandu ukafika kwa a mfumu, aliyense ali ndi mfundo yake yomveka. A mfumu amagamula mwa nzeru zawo, poti palibe angawauze kuti madziwo alipo ochuluka bwanji ndipo angakwanire anthu angati.

Apa ndiye pagona nkhani yanga, Bwana. Mitsinje ya phiri ili ili ndi odyapo ambiri. Lichenya, Likhubula, Muloza ndi Thuchila imathera mu Ruo, umene umakathira mu Shire ku Chiromo. Phalombe ndi Sombani imalowera ku nyanja ya Chilwa, ija yopanda potulukira, imene inauma mu 1968 ndi mu 1995, n'kutsala pang'ono kutheratu mu 2018. Pa mitsinje imeneyi pali mipopi ya m'midzi, imene makolo athu anakumba ngalande zake ndi makasu awo popanda malipiro. Pali madamu ndi mapampu othirira tiyi. Pali magetsi opangidwa pa Ruo, ndi a kampani ya magetsi a m'midzi ya MEGA ku Bondo pa Lichenya. Pali paipi ya Blantyre Water Board yomangidwa kuti izitenga malita 20 miliyoni pa tsiku ku Likhubula kukayeretsa ku Nguludi, ndi ngongole ya madola 23.5 miliyoni yochokera ku Exim Bank ya ku India. Palinso ife a madimba, ochuluka ngati nyerere. Sindikuti wina mwa amenewa ndi wakuba. Wa ku Blantyre naye ndi munthu, ludzu lake ndi lofanana ndi langa. Koma tonsefe tikutapa m'nkhokwe imodzi, aliyense ndi dengu lake, ndipo ndikufunsa kuti ndani wasuzumiramo posachedwapa. Mantha anga ndi akuti tikugawana mtsinje wa m'makope a bambo anga, pamene umene ulipo lero ndi wina.

Ngakhale pamene chitsulo chikadalipo, manambala ake akhoza kunama. Freddy anakweza pansi pa mitsinje ndi mchenga ndi miyala, pena anakumba, pena mtsinje unasiya njira yake n'kudzitsegulira ina pakati pa minda. Chitsulo chikaonetsa theka la mita lero, sindiye kuti madzi odutsa ndi ofanana ndi a theka la mita la zaka khumi zapitazo. Pamafunika munthu alowenso m'madzi ndi kachitsulo ka timapiko kaja, ayeze nthawi ya madzi ambiri ndi ya madzi ochepa, manambala agwirizanenso ndi mtsinje. Ndi ntchito yotopetsa, yopanda riboni yodula, yosaoneka pa TV. Zotere ndi zimene zimayamba kuiwalika ndalama zikachepa.

Lamulo lilipo. Water Resources Act ya 2013 inakhazikitsa National Water Resources Authority kuti iziyang'anira madzi, kupereka zilolezo zotungira, ndiponso inatsegula khomo loti pakhale makomiti a anthu odalira mtsinje umodzi. Ndikudziwa kuti bungweli silili pansi panu. Koma inu ndi amene mukaitana anthu pa boma amabwera: a za madzi, a za nkhalango, a za ulimi, a za nyengo, mafumu, makhansala, eni minda ya tiyi, a Mulanje Mountain Conservation Trust. Ine nditaitana msonkhano wotere angabwere ndi akazi anga okha, mwinanso mochedwa.

Aitaneni, ndipo nkhani yoyamba ikhale yoti zitsulo zibwerere pa mitsinje yonse ikuluikulu yotsika m'phirimu, kumtunda ndi kumunsi kwa malo otungapo kwambiri, wowerengayo azilandira kake pa nthawi yake. Zipangizo zamakono zotumiza manambala pa foni ndi zabwino, sindikukana. Koma ndaona sola ikubedwa, batire likufa, chipangizo n'kukhala chete miyezi popanda wodziwa. Munthu wa m'mudzi momwemo, wa kope ndi pensulo, sabedwa. Zikhale zonse ziwiri. Pa sukulu za pulayimale paikidwe zoyezera mvula, ana a Sitandade 7 aziwerenga m'mawa uliwonse asanalowe m'kalasi. Masamu amenewo adzawakomera kuposa a m'buku, ndipo pakatha zaka khumi sukulu iliyonse idzakhala ndi mbiri ya mvula ya dera lake.

Manambalawo asamakagone m'kabati. Azimatidwa pa bolodi pa boma, pa Chitakale, pa Limbuli, aziwerengedwa pa wailesi ya Mzati monga amachitira ndi mauthenga a maliro. Pambali pake pamatidwe mndandanda wa onse okhala ndi chilolezo chotunga madzi ambiri, mtsinje wake, mlingo wake, ndi mlingo umene ayenera kusiya kuti upitirire kumunsi m'chilimwe. Mphekesera zoti madzi athu akubedwa ndimazimva pa chigayo sabata iliyonse. Zina mwina ndi zoona, zina ndi mkwiyo wa munthu wa chigubu chouma. Popanda pepala loti tiloze, ine wa m'komiti ndilibe choyankha, ndipo tsiku lina anyamata adzakwera ndi zikwanje kukadula paipi yosalakwa.

Manambala omwewo ndi chenjezo. Madzi akakwera modzidzimutsa kuno kumtunda, pamapita maola asanafike ku Chiromo ndi ku Makhanga, kumene anthu sanaiwale za Januwale 2015. Foni imodzi yochokera kwa wowerenga madzi ingadzutse mudzi kumeneko usiku madzi asanalowe m'nyumba. Makomiti a za ngozi zogwa mwadzidzidzi ali m'manja mwanu, ndipo kulumikiza wowerenga wa kuno ndi mnzake wa ku Nsanje kumangofuna mayunitsi ndi munthu woti anene kuti zichitike.

Palinso chifukwa china chimene sindinkachidziwa mpaka mwana wanga atandiwerengera. Akatswiri a za nyengo a gulu la World Weather Attribution atafufuza mvula ya namondwe Ana ndi anzake a mu 2022, anapeza kuti kutentha kwa dziko kunaikulitsa, koma analephera kunena mlingo wake chifukwa cha kuchepa kwa zolemba za mvula za zaka zambiri m'maiko athu ano. Chaka chomwecho pa msonkhano wa za nyengo ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza maiko osauka pa zimene awonongeredwa ndi kusintha kwa nyengo. Utsi umene watenthetsa dziko si wa mbaula zathu kwenikweni, aliyense akudziwa. Koma pabwalo la milandu wopanda mboni amaluza ngakhale walakwiridwa, ndipo mboni zathu zikanakhala makope ngati aja chiswe chinadya.

Za kubzala mitengo ndili ndi mawu owawa pang'ono. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timavina, kujambulitsa, kuwerenga mbande zimene zabzalidwa. Zimene zapulumuka pofika Okutobala sindinaonepo wina akubwera kudzaziwerenga. Komanso si mtengo uliwonse umene uli bwenzi la kasupe. Bulugama amakula msanga, amatipatsa mapolo ndi nkhuni, koma ndi chidakwa cha madzi, ndipo ndaona ndi maso anga kasupe wa kwathu akufooka atazunguliridwa naye. Pamutu pa kasupe ndi m'mbali mwa mitsinje pakhale katope, mkuyu, mbawa, nsungwi ndi udzu wosatenthedwa. Bulugama apite kuchitunda. Pa ndalama yogulira mbande, gawo lina lizipita kwa anyamata olambula njira zotchinga moto mu Juni ndi Julayi n'kumalondera mpaka mvula igwe, chifukwa mbande za zaka zitatu zimapsa madzulo amodzi.

M'minda namo zochedwetsa dontho timazidziwa: akalozera, vetiva, mizere yotseka, maenje okolola madzi. Pamene anthu azichita mtsinje wonse kuyambira kumtunda kutsika, ndaona makwawa akusiya kukula. Pamene achita mudzi wa pakati wokha, wa kumtunda ayi, mvula imodzi imafafaniza thukuta la mwezi. Madzi sadziwa malire a khansala kapena a gulupu, choncho ntchito zimenezi zizigawidwa potsata mtsinje, osati potsata amene anaomba m'manja kwambiri pa msonkhano.

Pomanganso zimene zinagumuka, tisamabwezere pomwepo ndi msinkhu womwewo. Madzi saiwala khwawa. Pamene Freddy anadutsa, wina adzadutsanso, ndiye mlatho, paipi yowoloka mtsinje ndi khoma la pa intake zimangidwe poganizira madzi a 2023, mathanki akulitsidwe poganizira ludzu la 2024, kuti kamadzi ka usiku kasamatayike anthu ali m'tulo. Ife tinabwezera paipi yathu m'njira yake yakale chifukwa ndalama inalekeza pomwepo, ndipo dzinja lililonse mtima wanga umakhala m'mwamba.

Mu Julayi 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika kwa dziko lonse lapansi chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu akuno. Tinanyadira. Nkhani yokumba miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, ya pamwamba pa Lichenya nayo imabwera n'kupita kuyambira ndili mnyamata. Pamene pali miyalayo ndi pomwe pali siponji ija. Amene angadzafune kukhudza pamenepo ayambe wationetsa mmene mitsinje yochokera pamenepo idzayendere mu Okutobala, ndipo sangationetse ngati palibe akuiyeza lero.

Pempho langa lomaliza ndi lopepuka. Msonkhano umenewu musauchitire mu holo mu Malichi, mitsinje ili thithithi, aliyense akukamba za madzi osefukira okha. Bwerani mu Okutobala, sabata yachitatu, chizimalupsa chisanagwe. Galimoto mudzaisiya pa sukulu, kuchoka apo ndi wapansi. Jombo musavutike nazo, simudzanyowa. Ine ndidzatenga ndowa ija ndi makope atatu a bambo. Lina lilibe chikuto, koma masamba a Okutobala ndawapinda kale pakona kuti tisadzachedwe n'kufunafuna.

Ine wanu,
Mlimi ndi membala wa komiti ya mipopi,
kumunsi kwa phiri, Mulanje